Nyanja Yamchere pa Mpando wa Ahedi

Lolemba

Ahedi athu, a Gondwe, alengeza m'sitafu kuti Lachisanu kukubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro kudzaonerera kaphunzitsidwe. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Udindo wa mkulu wa dipatimenti ulibe mwini chipumireni pantchito mkulu wakale, ndipo oufuna tilipo awiri, ine ndi Madamu Kamanga. Wophunzitsa bwino Lachisanu ndiye autenga. Udindowo umabwera ndi nyumba ya pasukulu, ija ya malata osadontha. Akazi anga, mayi a Chisomo, akhala akuiyeza ndi maso chaka chonse. Makatani anasoka kale m'mutu.

Madamu asankha mutu wawo: mitundu ya dothi. Dothi! Kuuza ana a alimi a fodya za dothi, ana oti amabwera nalo kumapazi m'mawa uliwonse. Ulesi wovala nsapato za gogoda.

Ine ayi. Silabasi ya Fomu 3 yafika pa kayendedwe ka madzi m'nyanja zikuluzikulu zamchere, ndipo sindilumpha. Ndiwaonetsa ndi maso!

Nkhani yake, kuti ndisadzachite chibwibwi pamaso pa alendo. Madzi ozizira komanso amchere wambiri ndi olemera. Amamira n'kumayenda pansi pa madzi ena ngati mtsinje wobisika. Akafika pampata wopapatiza pakati pa mapiri a pansi pa nyanja amadutsa mothinana. Koma poti dziko likuzungulira, mtsinjewo suyenda pakati, umatsamira khoma limodzi ngati munthu wochokera kumowa. Ndipo ukamakhulana ndi madzi opepuka a pamwamba pake umawakoka, kuwameza, kusakanikirana nawo, mpaka kulemera kwake kumachepa. Ndinaonera kanema pafoni: anthu a majasi oyera, thanki yagalasi pa thebulo loyendera injini, madzi obiriwira akukwawa pansi. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Zofunika:
- bafa loyera mkati
- mchere
- utoto
- madzi oundana
- ngalande
- chinthu chozungulira (ndiganizabe)

Ndafunsa kalasi amene anaionapo nyanja yamchere. Zii. Amene anaonapo nyanja ina iliyonse: manja awiri, ndipo mmodzi akunena damu la ku Lifupa. Ineyo sindinakweze dzanja. Wofunsa sakweza.

Lachiwiri

Bafa lapezeka. Loyera lija la mayi a Chisomo, mphatso ya paukwati wathu. Ndalitulutsa iwo ali kumjigo. Si kuba, ndi kubwereka mwakachetechete.

Ngalande yapezeka: chidutswa cha gatala wa padenga chimene chinagwa kuseri kwa Fomu 2 mvula ya chaka chatha. Palibe anachitola. Chinkadikira ine.

Utoto: chidede chouma cha kwa apongozi. Ndawiritsa, madzi afiira psu!

Madzi oundana: ndapita kugolosale ya pamsika. Magetsi anathima dzana. Mwini wake wanditsegulira firiji yodzaza mafirizesi osungunuka, akuti, "Tengani awa aphunzitsi, nawonso ankazizira." Chabwino. Mchere wokha ukwanira.

Malo: labu. Inde, labu tili nayo, anatimangira anthu akufuna kwabwino. Mipope yake sinatulutsepo dontho, ndipo chiyambire kukolola muli fodya wa ahedi, "mongoyembekezera." Mindindi, timitolo ta masamba tija, pamatebulo, mabelo mpaka kudenga. Sayansi yokhayo imene yachitikamo chaka chino ndi kuyetsemula. Andipatsa kangodya pafupi ndi chitseko.

Kuyesa koyamba. Gatala m'bafa, mbali imodzi yotsamiritsa pamwala kuti pakhale kotsetsereka. Mchere wa pasupuni m'madzi ofiira. Ndathira. Angobalalika bafa lonse ngati thobwa. Ndalawa madzi a m'bafamo: amchere kale! Mjigo wathu! Zaka zonsezi takhala tikumwa nyanja, ine n'kumakaifuna pafoni.

Kuyesa kachiwiri, paketi yonse ya mchere. Ndipo taonani! Kamtsinje kofiira katsetsereka, kamira, kakukwawa pansi pa madzi oyera, mutu wotupa kutsogolo, kumsana kwake tikupindika timichira. Ndaomba m'manja ndekha pakati pa mabelo.

Madzulo, nyemba zopanda mchere. Sindinafunse koma yankho labwera lokha. "Mchere wapita kunyanja. Idyani."

Ndadya.

Lachitatu

Tsopano dziko lizungulire.

Alamu anga a Yotamu, mchimwene wa mayi a Chisomo, amapalasa kabaza. Avomera kubwera ndi njinga masana, nthawi imene makasitomala onse ali m'zigafa kusankha fodya. Taigoneka cham'mbali pa madesiki awiri, gudumu lakumbuyo lili m'malere. Thabwa pamwamba pa masipoko, bafa pamwamba pa thabwa, zonse zomanga ndi malegeni. Kuyang'ana chapatali zikuoneka ngati zasayansi. Chapafupi ayi.

Ndawalangiza: pang'onopang'ono alamu, mofanana, monga mmene dziko limayendera. Akuti, "Dziko limayenda? Nanga ife timapalasiranji?"

Vuto loyamba, gudumu ndi lopindika. Likamazungulira, bafa likuvina chimtali.

Vuto lachiwiri, alamu mawu oti pang'onopang'ono sawadziwa. Dzanja lawo likagwira pedulo limaganiza kuti kumbuyo kuli mayi wodwala matenda a kuchipatala chachikulu. Ndakuwa kuti chepetsani. Amva kuti onjezani.

Nyanja yonse yanyamuka!

Zonyowa:
- ine
- alamu
- silabasi
- mabelo awiri
- mindindi ya fodya wa ahedi, uja wofiira bwino amene amamusisita akamadutsa

Ahedi ndi a kumpoto kwa boma lino. Akapsa mtima Chichewa chimawathawa. Aima pakhomo, manja kumutu: "Chiuta wane! Hona wane! Mwanikoma!" Hona ndiye fodya. Kwathu kukoma ndi chinthu chabwino. Kwawo, ndauzidwa, ndi kupha.

Masana onse ndili panja ndi Fomu 3 kuyanika fodya tsamba ndi tsamba. Akalowa kumsika ali wonyowa amubweza, akachita nkhungu ndiye basi. Ahedi akuyendera mizere ngati sajeni, kununkhiza tsamba lililonse, kulawa lina. Sindinawaonepo akuyendera kalasi chonchi.

Madamu Kamanga adutsa ndi timabotolo tawo ta dothi. "Lero ndi mitundu ya fodya, Sala?"

Masipoko angapo athyoka. Alamu abwerera akukankha njinga. Mawu awo otsiriza: "Nkhaniyi ndikaitula kwa achemwali."

Akaitula.

Lachinayi

Mbiri yayenda kuposa madzi. Ana akanena kwawo kuti Sala ali ndi bafa la madzi ofiira ngati magazi, amalizunguza, amasuzumiramo n'kumalankhula okha. Sindilankhula ndekha! Ndimayeseza phunziro.

M'mawa ndikutsuka m'kamwa, pabwalo pagwada mayi wina wa kutsidya kwa dambo, a Nachisale. Mbuzi yawo ya bere inasowa sabata yatha. Akuti ndiwayang'anire m'bafa. Ndawauza kuti ndine mphunzitsi. Akuti akudziwa, n'chifukwa chake abwera kwa ine, enawa ndi osaphunzira. Ndakhala nawo pansi, ndawafotokozera zonse: madzi olemera, kumira, kuzungulira kwa dziko, kutsamira mbali imodzi. Ndaloza ndi dzanja kusonyeza kutsamirako. Ayang'anitsitsa kumene dzanja laloza, aomba m'manja, anyamuka kulowera komweko.

Panjira ya kusukulu ndakumana ndi mkulu wa mpingo, a Chimphamba. Moni wautali, wozizira. Kenako: "Aphunzitsi, tikumva zinthu. Lamulungu tikaweruka mudzatsale." Ine, woimba besi m'kwaya!

Koma mawa ndi mawa, ndipo chozungulira ndilibe.

Zimene ndaganizira:
- chigayo (chothamanga kwambiri, komanso magetsi)
- jeke yodindira fodya (imazungulira, koma imafinya)
- mwana kusenza bafa n'kumazungulira (makolo)

Kenako ndalowa mu ofesi kukatenga choko, n'kuuona. Mpando wa ahedi! Wachikale, wachikopa chakuda, wa mwendo umodzi wachitsulo. Anaugula esiteti ina itatsekedwa, ndipo amaupukuta okha. Wina aliyense akaukhudza amalembedwa m'mtima. Umazungulira myaa, osalira, osagwedezeka.

Ndapempha. "Yayi." Ndanena kuti alendo adzalemba kuti ahedi amapereka ngakhale mpando wawo kuti ana aphunzire. "Yayi." Ndiye ndangofunsa mwaulemu kuti poti zipangizo zanga zili m'labu, kodi alendowo ndidzawalandirire momwemo?

Mpando wafika m'kalasi ya Fomu 3 atausenza ahedi eni ake.

Ndamanga bafa pampando, malegeni kumikono yake. Ndazunguza kangapo. Ukuyenda ngati unapangidwira ntchito yomweyi! Sindinayese zonse mpaka kumapeto, mchere wobwereka kwa anansi ndi wokwana ulendo umodzi.

Kunyumba mayi a Chisomo sanakalipe. Akusita malaya anga oyera, akuti, "Zaka zonse tikusuntha bedi mvula ikamagwa. Musandichititse manyazi mawa, bambo a Chisomo. Ndipo bafa langa likabwera ndi mng'alu, muzikasamba m'gatala mwanumo."

Ndawatsimikizira. Sayansi sinama.

Lachisanu

Suti, tayi, nsapato zopolisha. Alendo anati afika m'mawa. Afika dzuwa litapendeka, ndipo ayamba ndi chakudya. Alipo awiri: bwana wamkulu wa suti yoyererako ngati mkaka, ndi mayi wa magalasi wonyamula mafayilo.

Madamu Kamanga ayamba. Timabotolo titatu. "Ili ndi dothi lanji, ana inu?" Ana onse pamodzi: "Lamchengaaa!" Ayeseza sabata yonse. Bwana agwedeza mutu ngati wamva zachilendo. Botolo lachitatu ndi la dothi la m'dimba mwanga, ndalizindikira.

Nthawi yanga. Akuti ndifupikitse, galimoto ikufunika kuboma.

Ndafotokoza kuti nyanja siifupikitsidwa. Bafa liyenera kuzungulira nthawi yaitali mpaka madzi onse ayendere limodzi nalo, ndipo pamenepo m'pothira ofiira. Ana andanda pamzere, aliyense akukankha mpando ukamudutsa. Kuti liwiro lisasinthe ndawauza aziimba, ndipo nyimbo yochedwa imene onse akuidziwa ndi yapamaliro. Ndiye tili apo: mpando wopanda munthu ukuzungulira, Fomu 3 ikuimba ya pamaliro, ine ndanyamula jagi ya madzi ofiira. M'mawindo mwadzaza mitu ya anthu a m'mudzi. Ndikuvomereza kuti sizikuoneka bwino.

Ndathira.

Ndipo zatheka! Zatheka, Mulungu ndi mboni! Kamtsinje kofiira katsika mu gatala, koma sikanayende pakati ngati Lachiwiri. Kapatuka, kakanirira khoma limodzi, kakuyenda chotsamira, mbali inayo kuli mbee. Pamsana pake madzi oyera akupindikira mkati, ofiira akutuwa pang'onopang'ono. Ndendende za m'kanema. Kuno ku Kaomba, m'bafa la paukwati!

Atsikana a kutsogolo asiya kuimba. Wina akuti, "Sala, akuthawira mbali imodzi!" Mnzake: "Akumeza anzake!" 

Ndadzutsa mutu kuti ndione nkhope za alendo. Bwana ali pawindo, foni m'mwamba, kusaka netiweki. Mayi wa magalasi akusainitsa ahedi mapepala. Ahedi akusaina osayang'ana, maso ali pa mwendo wa mpando wawo.

"Bwana, taonani! Msanga!"

Abwera. Aweramira... ayi, sanawerame, ndipo apa m'pamene ndinayenera kudabwa. Bafa tinaliyamba lili m'chiuno. Tsopano lili pachifuwa. Mwendo wa mpandowo ndi wa mazinga ngati bawuti. Ukazungulira, umakwera. Takhala tikuumasula nyimbo yonse, mavesi onse.

Mazinga atha.

Zotsatira:
- suti ya bwana tsopano ndi ya mtundu wa chidede, kuyambira pa tayi mpaka m'masokosi
- mafayilo akusambira
- gatala yagunda bolodi
- bafa lang'aluka pawiri
- wina pawindo wakuwa "Magazi!" ndipo mudzi wonse wathawa kudutsa m'munda wa sukulu
- mpando uli chagada, mwendo uli pawokha

Ahedi sanalankhule. M'Chichewa ngakhale m'Chitumbuka.

Bwana afunsa dzina langa. Afunsanso kalembedwe kake. Alemba nthawi yaitali kuposa imene anaonerera phunziro.

Ndabwerera kunyumba ndi zidutswa ziwiri za bafa, china kudzanja ili, china kudzanja ilo. Mayi a Chisomo anamva kale. Aziyang'ana, andiyang'ana, alowa m'nyumba. Bola akanatukwana.

Loweruka

M'mawa, ulendo wa kuboma ndi mpando. Alamu avomera kuunyamula chifukwa achemwali awo awauza kuti atero, osati chifukwa cha ine, ndipo afotokoza zimenezi kawiri. Mpando pakaliyala, ine pambuyo wapansi. Anthu m'njira akuvula zipewa. Sindikudziwa ngati akulonjera ine kapena mpando.

Wowotcherera zitsulo wautembenuza uku ndi uku. "Pampando amakhalapo, aphunzitsi, sapalasa." Akuti mazinga aphwanyika, angouwotcherera. Ukhala wolimba, koma sudzazunguliranso. Ndani akawauze ahedi?

Masana ndafika kunyumba, pabwalo pali anthu ngati pachipatala.

A Nachisale anaipeza mbuzi! Anatsata kumene ndinaloza, kudutsa dambo, n'kukaipeza yomangirira kuseri kwa chigafa cha munthu wina. Yaswa kale, ana awiri.

Odikira:
- bambo amene belo lake labwezedwa kawiri kumsika, akufuna kudziwa amene akumuchita
- mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni ndipo foni siikugwira
- agogo ena a msana
- mwini chigafa uja, ameneyu sanabwere kudzaombeza, wabwera ndi chibonga

Ndaima pakhonde ndafuula kuti ndine mphunzitsi wa jogalafe, kuti bafa lasweka, kuti munalibe chilichonse koma mchere ndi chidede. Wina kumbuyo akuti, "Mwamva? Mchere ndi chidede." Akuloweza!

Mwini chigafa wachoka atalonjeza kuti tionana. Mpaka pano sindikudziwa ngati anabadi mbuziyo. Ndangodziwa kuti chibonga chake ndi chenicheni.

A Nachisale asiya nkhuku. Ndati ibwezedwe. Mayi a Chisomo aigwira kale miyendo. "Ichi ndi chinthu choyamba chimene sayansi yanu yabweretsa m'nyumba muno." Awa ndi mawu awo oyamba kwa ine chichokereni dzulo. Ndawalandira.

Madzulo tikuchokera kumjigo, ine wosenza ndowa poti bafa kulibe, tadutsa panyumba ya malata osadontha. Mawindo ndi otsegula. Madamu Kamanga ali mkati ndi tepi ya telala, akuyeza. Kalata ya udindo sinabwere n'komwe! Atikwezera dzanja mwansangala. Mayi a Chisomo nawo akweza dzanja, amwetulira, ndipo sanatembenukenso mpaka kunyumba. Nkhuku ija aiphika bwino kwambiri. Adya pang'ono.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yanga ili ndi malo ambiri. Anthu athinana kwina, ine ndatambasula miyendo koyamba m'moyo.

Taweruka, ndatsala. Akulu a mpingo akhala mozungulira, a Chimphamba pakati. Akuti ndifotokoze ndi mawu anga. Ndayamba bwinobwino: madzi olemera, madzi opepuka. Nkhope sizikusintha. Ndati zinthuzi zimamveka bwino munthu akaona, ndipo atandipatsa kapu ya madzi ndi mchere pang'ono...

"Ayi!" Onse pamodzi. Kwaya yathu sinayambe yalowapo limodzi chonchi.

Chigamulo: ndiyambe ndapuma kaye kukwaya, ndipo chipangizocho chiwonongedwe. Ndawauza kuti chawonongeka kale. Akuti ndiye Ambuye ayankha msanga. Potuluka, mkulu wina watsalira m'mbuyo, wandikoka dzanja, akunong'ona za ng'ombe yake imene sikudya. Ndamuuza apite kwa alangizi a ziweto. Waphethira diso limodzi ngati wamva tanthauzo lobisika.

Panja ahedi akundidikira pansi pa mtengo. Za mpando amva kale. Sanazitchule. Angoyang'ana kuminda, kumene mapesi a fodya aima mbuu mpaka kumapeto kwa maso, n'kufunsa ndi mawu otopa kuti mawa Fomu 3 ili ndi mutu wanji.

Ndati mapiri ophulika.

 Apisa m'thumba la jekete, atulutsa choko chimodzi, andiika m'manja, n'kupinda zala zanga ndi manja awo awiri.

Ndalemba kale manotsi. Masamba anayi. Ana azikopera.